M'nyumba Muno Safera Munthu

1

Anthu a kwa Maseya amandidziwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ndine amene ndidayamba kufolera nyumba ndi malata kudera kwathu kuno. Chachiwiri, ndine mkamwini uja ankalankhula ndi bakha. Zonsezi n'zoona. Koma chilipo chachitatu chimene anthu anayi okha adachimva pansi pa mtengo wa msikidzi, nalumbira kuti sadzachitulutsa. Atatu mwa iwo adatsogola kale. Wachinayi ndi mkazi wanga, ndipo masiku ano tikangosemphana pang'ono amati, "Ndiulula." Ndiye ndaona kuti kuli bwino ndiulule ndekha asanathire mchere wake.

Ine ndine Geresomo. Kwathu n'kwa Katunga, koma ndidabwera kuno kudzakwatira Esinala, ndipo monga mudziwa, mwamuna amamanga kumudzi kwa mkazi. Ndisanakwatire ndidanyamula machila zaka zisanu ndi zinayi, kukweza azungu kuchokera padoko pa Chikwawa mpaka ku Kabula. Ndidanyamula onenepa, oledzera, odwala malungo, ngakhale dona wina amene adalira njira yonse chifukwa galu wake adatsala ku Chinde. Mawu awa muwasunge: ine ndidali munthu wodziwa kunyamula anthu.

Ku Kabulako n'komwe ndidaona madenga a malata akunyezimira padzuwa, mtima wanga n'kutsalira pomwepo. Njanji itafika kumeneko, ntchito ya machila idazilala. Ndidabwerera, ndidakwatira, ndidalima thonje zaka zitatu osagula ngakhale chipewa, ndipo mu 1911 ndidapita kwa mmwenye ku Chiromo n'kugula malata khumi ndi asanu ndi atatu. Adabwera pa mwadiya, masiku atatu tikupalasa mokwera madzi.

2

Masiku amenewo nyumba sichidali chuma. Munthu ankadula mitengo, akazi n'kumweta udzu, mowa mtsuko umodzi, masiku anayi nyumba yaima. Ikatopa, ankamanga ina pambali pake. Choncho a Paison, amalume a mkazi wanga, amenenso adali nkhoswe ya ukwati wathu, adabwera kudzaona zachilendozi. Adagogoda lata limodzi ndi ndodo, namvetsera ngati akugula mphika.

"Mkamwini," adatero, "tsiku limene mwana wathu adzatope nanu, denga limeneli mudzalisenza pamutu?"

"Sadzatopa nane, wawa. Watopa ndani pansi pa malata?"

"Sitikudziwa. Palibe adagonapo."

Ndidamanga ndithu. Zipinda ziwiri, chitseko cha matabwa chokhala ndi loko, mawindo awiri otseka ndi thabwa, ndi kama wa zingwe. Anthu ankachoka mpaka kwa Katunga kudzaiona. Ena ankangofuna kumva chitseko chikulira, "Tatsegulaninso, aphiri."

Mavuto adayamba sabata yomweyo. Kunja kukatentha, m'nyumbamo munkakhala ngati m'phale lokazingira chimanga. Kuyambira Seputembala mpaka mvula kugwa tinkagona pakhonde, nyumba ikugona yokha m'kati. Mvula ikabwera, phokoso lake linkachita kugonthetsa m'makutu, moti tsiku lina Esinala adandiuza kuti mbuzi yalowa m'nkhokwe, ine n'kuyankha kuti zikomo. Mphepo ya mwera idafuna kunyamula denga, ndidasanjikapo miyala. Chiswe chidalowa m'mitengo yapadenga, ndidasintha mitengo. Abale amene sindidawaonepo chibadwire adatulukira, aliyense ndi vuto lake, akuti munthu wa malata sasowa. Wokhometsa msonkho naye adaima nthawi yaitali akuyang'ana zipinda ziwirizo, akudzifunsa ngati imeneyi ndi nyumba imodzi kapena ziwiri zogundana.

Zonsezi ndidazipirira mokondwa. Chimene chidandidula miyendo chidachitika chaka chotsatira.

3

Kwathu kwa Katunga kudali kapitawo wina, a Elisha, amene nawonso adafolera malata atamva za ine. Adagonamo miyezi isanu, n'kumwalira momwemo ndi chibayo. Ndidapita kumaliro. Titabwerako kumanda, ndidaona amuna akutenga nkhwangwa.

Mwambo ndinkaudziwa kuyambira ubwana: nyumba yoferamo munthu imagwetsedwa, ndipo mitengo yake, chitseko chake, udzu wake, palibe amatolako. Koma nthawi zonse ndinkauona pa nyumba za udzu. Tsiku limenelo ndidauona pa malata. Adawazula limodzilimodzi, nakawataya kutchire pafupi ndi manda. Malata atsopano, osachita dzimbiri ngakhale pamsomali. Mpaka lero ali komweko, akugonamo ndi abuluzi.

Ndidafika kunyumba thukuta lili kamukamu, n'kuitana Esinala.

"Make Leah, kuyambira lero m'nyumba muno safera munthu."

"Alipo wapempha?"

"Musaseke. Waimvi asalowe. Wotsokomola asalowe. Wapakati asalowe. Woledzera asalowe, amatha kutsamwa. Wodya nsomba adyere panja, minga siichenjeza."

"Nanga ifeyo tikadwala?"

"Tidzadwalira pakhonde."

"Ndiye mwamangira ndani nyumbayi, bambo a Leah?"

Loko ndidamugulira unyolo. Kiyi mmodzi ndidamumangirira m'khosi, wina Esinala ankamubisa pansi pa mtondo.

Amene lamulo langa lidawapweteka kwambiri adali apongozi anga, anaMwale, mayi ake a Esinala. Adali amasiye, imvi zili mbuu, ndipo kanyumba kawo kadali kuseri kwa nkhokwe zathu. Ine ndi iwo tinkalemekezana mwa mwambo wonse. Tikakumana panjira, ine ndinkalowa m'tchire, iwo n'kudzifunda nsalu kumutu. Zaka zinayi ndili pamudzipo, nkhope yawo sindinkaidziwa. Ndinkadziwa zidendene zawo zokha. Kulankhulana mwachindunji n'kosatheka, ndiye mawu ankadzera mwa Esinala. Esinala akachokapo, ankadzera mwa bakha.

Lidali bakha lalimuna lalikulu, lofiira kumaso, laulesi, losachoka pakati pa nyumba ziwirizi. Apongozi ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kunena mokweza, "Iwe bakha, kauze mbuyako kuti nkhwangwa yanga yaguluka." Ine ndili pakhonde ndinkayankha, "Bakha, uwauze kuti ndamva." Bakhalo linkangotiyang'ana.

Lamulo litamveka, uthenga udabwera. "Iwe bakha, kafunse ngati mayi wobala mwini nyumba angaone nawo kama wa zingwe."

"Bakha, uwauze kuti kamayo ndiwatulutsira panja aone."

Kenako ndidamva, "Iwe bakha, usanene kanthu. Tiye tizipita."

4

Tsiku lake lidali la mu Okutobala, 1913, dzuwa lija limapangitsa ngakhale mbuzi kukana kudya. Mudzi wonse udali kumadimba kumtsinje. Ine ndidali ndi chizolowezi chobwerera masana kudzaona ngati miyala yapadenga ilipo yonse. Ndidafika dzuwa lili paliwombo.

Unyolo udali lende. Loko adali wotsegula. Chitseko ndi mawindo zidali zotseka, ndipo bakha lidali pakhomo, kukamwa kuli yasa.

Zimene ndidapeza m'katimo, ndi zimene ndidachita dzuwa lisanapendeke, mundilole ndizisunge kaye. Ndinene chabe kuti anthu pobwera kumadimba adapeza loko ali m'malo mwake, ine ndili pakhonde ndikusema mpini umene sudafunike kusemedwa.

M'mawa mwake uthenga udabwera, Esinala ali pomwepo akupeta mapira.

"Iwe bakha, kauze mbuyako kuti ndalakalaka makakana awiri, onona."

Ndidasiya mpini, ndidathamangira kudoko kukafuna nsombazo. Mkuja wake, "Iwe bakha, uchi." Ndidakwera mlambe, njuchi zidanditupitsa maso onse awiri. Kenako nsalu yakuda ya kwa mmwenye. Kenako fodya wa ku mapiri, osati wakunokuno. Kenako adafuna kuti ndisunthe nkhokwe chifukwa inkawatchinga mphepo, ndipo nditaisuntha adati ndiibwezere chifukwa mphepo yachuluka.

Esinala adayamba kundiyang'ana cham'mbali.

"Bambo a Leah, ine ndidapempha mpango chaka chatha."

"Mayi ndi mayi."

"Mayi ndi anga. Inu mwawakonda liti chonchi?"

"Ndi ulemu chabe."

"Ulemu wotupa nawo maso?"

Anthu kuchitsime nawonso adayamba kunong'ona. Mkamwini wanji wokwera mlambe masana chifukwa cha mpongozi?

5

Pa nthawi yomweyo kudabwera Pedro, Msena wogulitsa nsomba zouma, amene ankafuna malo osungira katundu pafupi ndi msewu. Adazungulira nyumba kawiri akugwedeza mutu.

"Nyumba yadidi, shamwali. Undigulitse."

Mawu amenewo adali achilendo m'mudzi mwathu. Mbuzi inkagulitsidwa, bwato linkagulitsidwa, koma nyumba? Komabe mtima wanga udadumpha. Ndikanagulitsa, ndikanapuma.

"Koma ndifunse chimodzi," adatero Pedro. "Alipo adafera muno?"

"Nkhabe!" ndidayankha m'chilankhulo chake, mofulumira kwambiri mwina.

Kuseri kwa nkhokwe kudamveka chifuwa. "Iwe bakha, mlendoyo akufunsa chiyani?"

Pamenepo m'pamene nzeru yoipa idandibwerera. Ndidaganiza kuti popanda bakha, uthenga udzasowa podzera. Apongozi sangalankhule nane mwachindunji, ndipo zinthu zina sangazidzeretse mwa mwana wawo. Ndidauza Esinala kuti mlendo wolemekezeka chotere sadyera nyemba.

"Bakha limeneli? Wamthenga wa amayi?"

"Lakalamba. Mauthenga ena likumaiwala."

Ndidalipha ndekha. Esinala adalisosola, nalitumbula kuseri kwa nyumba, ine ndi Pedro tikukambirana pakhonde. Tidali titafika poti iye agule denga ndi chitseko, popeza dothi ndi la akuchikazi, pamene Esinala adatulukira, mpeni kudzanja lina, nthutumba yong'amba kudzanja linalo.

M'nthutumbamo mudali mikanda isanu ndi iwiri, ikuluikulu, yobiriwira ngati madzi akuya.

"Iyi ndi mikanda ya m'chiuno mwa amayi," adatero mwakachetechete. "Malemu bambo adaigula ku Kilimane. M'mudzi muno mulibe ina yotere."

"Bakha limatola paliponse, make Leah."

"Limatoladi."

Adalowa m'nyumba, nagwada, nasuzumira pansi pa kama wathu. Adatuluka ndi mikanda ina inayi ndi kachingwe koduka. Adatsata pansi ndi maso: umodzi pakhomo, wina pamtondo, wina panjira ya kunkhokwe.

Pedro adaimirira, napukuta manja amene adali asanadye kanthu. "Shamwali, ndakumbuka, nsomba zanga zili padzuwa."

Esinala sadakuwe. Adangoti, "Waimvi salowa m'nyumba muno. Ndiye mikanda ya m'chiuno mwa amayi idalowa yokha, n'kudziduliranso pakama panga?" Adatenga mwana, napita kwa a Paison.

6

Mlandu wotere sapita nawo pabwalo. Tidakhala pansi pa msikidzi m'mawa, anthu atapita kumunda: a Paison, amalume anga a Andrea amene adaitanidwa kuchokera kwa Katunga, Esinala, ndi ine. Apongozi adakhala kuseri kwa tsinde, nsalu ili kumutu.

"Mkamwini," adayamba a Paison, "mawu amene anthu ayamba kunena sindingawatchule ndi pakamwa panga. Mukapanda kutiuza china, lero lomwe mutenge mphasa yanu. Denga mulisiye."

Ndidayang'ana nyumba, ndidayang'ana Esinala. Maso ake adali otupa. Kunena zoona, ndidayang'ananso nyumba kachiwiri. Kenako ndidaulula.

Tsiku lija nditakankha chitseko, kutentha kudandimenya kumaso ngati ndatsegula ng'anjo. Pakama padali munthu chagada, dzanja lili lende. Ndidazindikira zidendene. Apongozi adali atatenga kiyi pansi pa mtondo, nadzitsekera kuti asaonedwe, nagona pakama kuti amve m'mene zingwe zimamvekera.

Munthu wina aliyense akadawayang'ana kumaso, kapena kuika dzanja pamphuno. Ine ndikadatero bwanji? Ndidatembenukira kukhoma n'kuitana bakha. "Bakha, uwafunse ngati ali bwino." Zii. "Bakha, uwauze kuti dzuwa lakwera." Zii. Ndidatenga mpini wa tsache, ndikuyang'ana kudenga, n'kuwagunda kuphazi. Phazi lidagwedezeka n'kubwerera lokha.

Ndinene mosabisa, pakuti ichi ndicho chinsinsi chenicheni: sindidalire. Sindidaganize za Esinala. Ndidayang'ana kudenga n'kuwerenga malata anga.

Ndidawaphimba kumaso ndi nsalu, ndidatseka maso, ndidawabereka kumsana. Ndimati ndikawagoneke m'kanyumba kawo, kagwetsedwe ka udzuko. Powanyamula ndidamva chinthu chikuduka, n'kumwazika pansi, koma nthawi yotola idalibe. Ndidatuluka, bakha likutitsata pambuyo likujompha.

Tili pakati pa njira, pafupi ndi nkhokwe, kamphepo kadawomba. Mtembo udayetsemula m'khosi mwanga.

Ndidauma. Kumsana kwanga kudamveka mawu ofooka. "Iwe bakha, ndili pati?"

"Bakha," ndidatero, "uwauze kuti amwalira."

"Iwe bakha, umufunse, nanga tikupita kuti?"

"Bakha, uwauze kuti kwawo. Akamwalirire kwawo."

Kuwatsitsa ndinkaopa, kupitiriza ndinkaopanso. Kenako adati, "Iwe bakha, umuuze amalize ulendo. Miyendo ilibe mphamvu. Koma asathamange, ine si mzungu."

Nditamaliza kufotokoza, a Paison adali atagwira pakamwa ndi manja awiri. A Andrea ankayang'ana nyerere. Esinala adati, "Zaka zisanu ndi zinayi mukunyamula anthu, osadziwa wamoyo ndi wakufa?"

"Azungu ankalankhula, make Leah."

7

A Andrea adayesa kundipulumutsa. "Akuluakulu, mwanayu sadalakwire mwambo. Iye adanyamula mtembo, ndipo mtembo si mpongozi."

"Chabwino," adatero a Paison. "Mtembowo udafera kuti?"

A Andrea adakhosomola. "Ayi, ndikutanthauza kuti sadafe."

"Ndiye adabereka apongozi ake amoyo, masana, mikanda n'kuduka?"

"Ayi, pa nthawiyo adali atafa."

"Tibweretse nkhwangwa?"

"Adafa m'maganizo mwa mwanayu basi."

"Maganizowo adawaganizira m'nyumba kapena panja?"

Adazungulira chomwecho mpaka mthunzi udasuntha, ifenso n'kusuntha nawo. Pomaliza a Paison adatembenukira kutsinde. "Alongo, mwini imfa ndinu. Mudafa kapena simudafe?"

Apongozi adafunsa kaye ngati chilipo chotsala cha bakha. Esinala adabweretsa phiko. Adaliika patsogolo pawo, nalankhula nalo.

"Iwe bakha, ngakhale adakupha kuti unditseke pakamwa, uwauze kuti ndidafa pang'ono. Ndidafika mpaka pamtsinje, ndidawaona malemu amuna anga tsidya, akuwedza. Adati, 'Wadzera kuti thukuta lotere?' Ndidati, 'M'nyumba ya malata.' Adati, 'Bwerera ukazizire kaye.' Ndiye uwauze kuti imfa yanga ndidaiyambira m'nyumba imeneyo, ndipo ndidzaimalizira momwemo. Munthu sasiya ntchito pakati. Kuyambira lero ndizigona pakama paja. Tsiku limene ndidzamalize, adzagwetse."

A Paison adaomba m'manja. A Andrea adaomba nawo, akuoneka opepukidwa. Ine adandilipiritsa bakha lina ndi chingwe cha mikanda. Esinala adabwerera tsiku lomwelo, koma adaseka masiku atatu, ndipo kuseka kwakeko kudandipweteka kuposa kulira kuja.

Ndidamanga kanyumba ka udzu kuseri kwa nyumba yanga ya malata. Masiku anayi, mowa mtsuko umodzi.

8

Tsopano taonani ntchito imene ndidaipeza. Nyumba yanga ikanaima masiku okhawo amene apongozi akanapuma. Ndidasanduka mlonda wa mpweya wawo.

Choyamba chidali kutentha. Ndidamweta udzu mitolo makumi atatu n'kufolera pamwamba pa malata, mochindikala. M'katimo mudazizira bwino, phokoso la mvula lidatha. Koma malata sadaonekenso. Alendo ankafunsa, "Nyumba ya malata ija ili kuti?" Ine n'kuloza nyumba ya udzu. Ena ankapempha kukweza udzu pang'ono kuti atsimikize.

Nsomba ndinkachotsa minga ndekha. Madzi awo ndinkatunga kumtunda, kosasambira anthu. Akatsokomola kamodzi, ndinkathamangira mizu. Chaka cha fuluwenza, pamene maliro ankachitika m'mudzi uliwonse, ndidakhala pakhomo pawo ndi ndodo miyezi iwiri, ndikubweza aliyense, ngakhale a Paison. Matendawo adatenga anthu ambiri, a Paison omwe adapita nawo. Apongozi sadayetsemule n'komwe.

Pa zaka zimenezo zinthu zidasintha. Nkhondo itatha malata adakwera mtengo, anthu n'kumati Geresomo wakhalira chuma. Chuma chake chosagulitsika, chosagonamo, chosaoneka. Kenako thonje lidagulidwa bwino, nyumba za malata zidamera m'mbali mwa msewu, zina za njerwa zootcha, ndipo anthu adayamba kugulitsana nyumba ngati mabwato. Pedro adadutsanso, nasuzumira pansi pa udzu, nati, "Zachikale izi, shamwali." Ine ndinkakhoma msonkho wa nyumba imene ndinkagonamo, ndikukonza imene sindinkagonamo.

Abakha adasinthana anayi. Mauthenga nawonso adasintha osadziwa ine. "Iwe bakha, kauze mbuyako avale chipewa, dzuwa ili." "Bakha, uwafunse ngati bondo lija laleka." Madzulo ena tinkakhala, iwo m'kati, ine pakhonde, bakha pakati, tikukamba za mvula ndi za anthu amene adapita. Akazi a m'mudzi ankanyoza akamwini awo potchula ine. "Taonani a Geresomo m'mene amasamalira apongozi!" Ine ndinkangowerama. Ndinkadziwa chimene ndidayambira.

Chimene sindikudziwa ndi chaka chimene ndidaleka kuwerenga malata.

9

Mu 1927, mapira atangokololedwa, apongozi adagona masiku asanu osadya. M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi Esinala adapita kukaitana abale. Abakha adali atatsikira kumtsinje. Ine ndidali pakhonde.

"Geresomo."

Ndidayang'ana uku ndi uku kufuna bakha.

"Geresomo, lowani. Kulibe wotuma."

Ndidalowa chokwawa, maso ali pansi.

"Tandiyang'anani. Mungadzalakwitsenso."

Ndidakweza maso. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili mkamwini wawo, tsiku limenelo ndidaona nkhope yawo. Idali yaing'ono, ya mphini ziwiri patsaya, ndi mphuno yeniyeni ya mwana wanga Leah. Nawonso adandiyang'anitsitsa.

"Ndimayesa ndinu wokongolako," adatero. "Tembenukani, mundibereke. Ulendo uja tidaulakwitsa njira. Lero mukanditule pa msikidzi."

"Iyayi, mayi. Gonani pomwepo. Nyumba igwe."

"Mukunena zoona?"

"Igwe. Ndi malata chabe."

Adaseka, chifuwa n'kuwagwira. "Zaka khumi ndi zinayi ndadikira mawu amenewo. Ndawamva, basi. Tsopano musandiwonongere ntchito. Nyumba iyi sindidaikonde ngakhale tsiku limodzi, kama wake amaluma msana. Ine ndimakonda uchi. Tiyeni, nthawi yatha."

Ndidawabereka, maso ali otsegula. Adali opepuka ngati mtolo wa bango. Tikudutsa pankhokwe adati, "Apa m'pamene ndidayetsemula." Ndidawagoneka pamphasa pansi pa msikidzi, ndidawagwira dzanja. Pamene Esinala ankafika ndi abale, adatipeza tikukamba, popanda bakha. Adamwalira dzuwa lisanafike pamutu, panja, mphepo ikuwomba.

Nyumba sidagwetsedwe. Ndidalira mpaka anthu adayambanso kunong'ona.

10

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ambiri mukusunga ndalama za thonje kuti mugule malata. Sindikuletsani. Chiswe, miyala yapadenga, abale otulukira, zonsezo mudzazipirira. Koma musanakhome msomali woyamba, mudzifunse kuti ndani amene mudzamuletse kulowa, chifukwa nyumba yodula imayamba kusankha anthu mwini wake asanadziwe. Yanga idandiphunzitsa kuwerenga malata pamene mayi wa mkazi wanga adali gone pakama. Kuti ndileke kuwerengako padatenga zaka khumi ndi zinayi, abakha asanu, ndi nkhalamba imodzi youma mutu.

Lero ine ndi Esinala tikugona m'nyumbamo. Leah adakwatiwa chaka chatha ndi Ignasio, mmisiri wa matabwa, mwana waulemu kwambiri. Ndi ndalama zake adasintha malata asanu odooka, naikanso chitseko chatsopano, podziwa kuti nyumbayi idzakhala ya mkazi wake. Imvi zandiyamba, ndipo chifuwa chimandivuta nthawi ya chisanu. Ndikatsokomola, ndimamva randa yake ikuima.

Dzulo ndidamuona atabereka thumba la thonje, akuyenda kuchokera pakhomo panga mpaka pa msikidzi, milomo ikuwerenga mapazi. Atandiona adati akuyesa thumba ngati lili lolimba.

Sindikumuimba mlandu. Ine ndi iye timachitirana manyazi, ndipo abakha a masiku ano sakhala pakhomo. Ndiye ngati alipo mwa inu amene amadziwana naye Ignasio wa kwa Maseya, mundiperekereko uthenga uwu: kuberekedwa sindikana, njira ndikuidziwa. Koma ayambe wandiyang'ana kumaso.